Laputopu Imene Anagula Apongozi

Laputopu ya Lughano inazima Lachitatu masana, fomu ya lole ya matailosi itatsala mizere iwiri kuti ithe. Sinachenjeze n'komwe. Galasi linangoti bii, kenaka kafungo ka waya wopsa kanatuluka cha kumanzere, kumene kuli timabowo ta mpweya.

Lughano anadina batani. Anadinanso. Anazula chaja, anaiuzira ngati akukoleza moto, n'kuibwezeretsa. Palibe chinachitika. Pakhomo pa kontena imene inali ofesi yawo panaima dalaivala wa ku Tanzania, thukuta lili kamukamu, akugogoda chitseko ndi makiyi.

"Dada, haraka! Lole yanga yagona pano masiku awiri."

Ofesiyo inali ya a Kenan, ejenti woombolera amalonda katundu pa boda ya Songwe. Munali matebulo atatu ndi alembi atatu, ndipo lamulo la a Kenan linali limodzi: waganyu amabwera ndi khasu lake. Mlembi aliyense ankagwirira ntchito pa laputopu yakeyake. A Kenan anadzuka, anatola mapepala a dalaivala uja n'kuwaponya patebulo la mlembi wina, kenaka anadzaima pambali pa Lughano.

"Kachinayi mwezi uno, Lughano."

"Ikazizira iyaka, bwana."

"Izizira liti? Kuno ndi ku Karonga, ngakhale madzi a mumtsuko sazizira. Tamvera. Ndakupatsa mawa ndi Lachisanu. Lolemba seveni koloko ndikupeze pano ndi makina oyaka. Ukapanda kutero, tebuloli ndipatsa Yvonne. Wakhala akundizungulira kuyambira Isitala, ndipo yake ndi yatsopano, ya mukatoni."

Laputopu inazizira, koma sinayake. Lughano anazungulira makontena onse a pa boda kufuna wombwereka, koma kubwereka laputopu pa Songwe kuli ngati kubwereka ng'ombe zolimira mvula yoyamba itagwa. Aliyense anamupatsa pepani, basi.

Ntchito imeneyo ndiyo inkadyetsa Lughano ndi ana ake awiri. Mwamuna wake, Ambokile, anapita ku Joni zaka zitatu zapitazo, ndipo kuchokera kumeneko kunkabwera malonjezo okhaokha. Amene anagula laputopuyo ndi apongozi ake aamuna, a Mwangolera, amene mudzi wawo wonse wa Iponga unkawatchula kuti aHedi chifukwa anapuma ntchito ali mphunzitsi wamkulu. Atamva kuti mkamwana wawo, mkazi wa mwana wawoyo, wapeza ntchito yofuna makina, anatapa pa penshoni yawo, anakwera minibasi kupita pa Boma, n'kukaigula m'shopu ya mnyamata wina wotchedwa Golden. Inali ya kaunjika, yoti inagwira kale ntchito zaka zambiri kunja, koma Golden analemba pa lisiti ndi dzanja lake kuti galanti ndi ya chaka chimodzi. Dzina la wogula analemba la aHedi.

Tsono vuto linagona apa. Ku Iponga, m'mabanja amene akusungabe za makolo, mkamwana saonana ndi apongozi ake aamuna. Sayankhula nawo, sawayang'ana kumaso, sakhala nawo m'chipinda chimodzi, ndipo dzina lawo salitchula. Akawaona akubwera panjira amapatukira m'nthochi n'kufunda chitenje kumutu mpaka adutse. Mabanja ambiri anazisiya zimenezi, makamaka a pa Boma, koma pakhomo pa aHedi mwambowu unali wamoyo. Zaka zisanu ndi zitatu Lughano ali pabanjapo, nyumba yake ili kuseri kwa nthochi za apongoziwo, ankangowadziwira kukhosomola kwawo kwa m'mawa ndi nsapato zawo zakuda. Mawu onse ankadzera kwa apongozi aakazi, a Yunike.

Laputopu inayamba kuvuta itangotha miyezi inayi. Katatu konse Lughano anakafotokozera a Yunike kukhitchini, pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa mwana: imazima yokha ngakhale ili pamagetsi, imatentha kumanzere, imanunkha zopsa. Katatu konse a Yunike anainyamula m'thumba, aHedi n'kupita nayo kwa Golden tsiku lokatenga mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi. Inkabwerako yopukutidwa bwino, inkagwira ntchito milungu ingapo, n'kuyambiranso. Galanti inali itatha miyezi iwiri yapitayo.

Lachinayi m'mawa Lughano anaganiza zopita yekha. A Yunike anamusololera lisiti m'chikwama cha aHedi, akung'ung'udza kuti zinthu za amuna sagwira chonchi.

Shopu ya Golden inali kakhonde kopapatiza pafupi ndi depoti, kodzaza ndi machaja, makava a mafoni ndi masipika olira nyimbo za kutsidya kwa boda. Mwiniwake anali pakauntala, akutokosa mano ndi kamtengo ka machesi, akuikira makasitomala nyimbo m'mafoni kuchokera pa laputopu yake.

"Karibu, sisi. Chaja? Kava?"

Lughano anatulutsa laputopu ija ndi lisiti. Golden anaizindikira pomwepo.

"Ho! Iyi ndi ya madala aja a ku Iponga. Ali bwanji aHedi? Munthu wabwino kwambiri uja." Sanaitsegule. Anangoinyamula, anaika mphuno pa timabowo ta kumanzere, n'kuibweza pakauntala. "Yapsa mkati. Yafa iyi. Ndikugulitseni ina?"

"Mundipatse ina, osati kundigulitsa. Vuto limeneli linayamba galanti isanathe. Yabwera kuno katatu."

"Kubwera yabwera katatu, sindikana. Koma kudzadandaula ayi." Golden anachepetsa nyimbo kuti amveke bwino. "Madala aja akafika amati, 'Mwana wanga, mkamwana akuthokoza kwambiri, makina akugwira ntchito bwino, ungowapukutako fumbi.' Ine n'kupukuta. Ulendo wachitatu anandibweretsera mkoko wa nthochi. Munaonapo munthu wodandaula akubweretsa nthochi?"

Lughano anamuyang'ana m'maso. "Bodza limenelo."

"Kawafunseni, si apongozi anu? Ndiponso ine inu sindikudziwani, pa lisitipa palibe dzina lanu. Chinthu chakale chimafa, sisi. Agogo anga anafa, sindinakadandaule kwa munthu." Anakwezanso nyimbo.

Lughano anatuluka. Anaima padzuwa kanthawi, a kabaza akumuimbira mabelu kuti apatuke. Misozi inabwera, koma misozi siyatsa laputopu. Pa boda anali atamvapo kuti ku maofesi a pa Boma kuli mayi wa zamalonda amene amalandira madandaulo a ogula. Anapukuta nkhope ndi chitenje n'kuyamba kuyenda.

Mayiwo anali a Esnart Chimbalanga, a ku Ntcheu, amene anali ndi chaka chimodzi chokha ku Karonga ndipo kutentha anali asanakuzolowere. Anamvetsera nkhani yonse akudzikupiza ndi failo.

"Kuti chinthu ndi chakale si ndiye kuti wogulitsa alibe mlandu," anatero. "Anachigulitsa kuti chigwire ntchito, ndipo analonjeza chaka ndi dzanja lake. Ngati vuto linaoneka chakacho chisanathe, iye n'kulidziwa, kutha kwa galanti sikumupulumutsa. Koma pafunika umboni. Muli ndi pepala lililonse losonyeza kuti munadandaula?"

"Ndilibe."

"Ndiye pafunika wogula mwiniwake adzanene ndi pakamwa pake. Dzina lake ndani?" Anatola cholembera.

Lughano anakankhira lisiti patsogolo pawo. "Lalembedwa apo."

"Inki yafufutika. Tandiuzani."

"Ndi agogo awo a ana anga."

"Mayi, ndafunsa dzina."

Lughano anaweramitsa mutu n'kufotokoza mwachidule. A Esnart anasiya kudzikupiza.

"Zoona? Mpaka lero? Kwathu ndi mkamwini amene amathawa apongozi aakazi, koma foni amawaimbira." Anayandikitsa lisiti kumaso n'kuliwerenga okha dzinalo. "Chabwino. Mawa teni koloko. Golden ndimuitana. Mubwere nonse awiri, inu wogwiritsa ntchito ndi bambowo ogula. Lolemba ndikupita ku maphunziro ku Mzuzu milungu iwiri, ndiye ngati si mawa, mudikira."

"M'chipinda chomwechino?"

"Ndilibe china, mayi. Mukuchiona nokha."

Anafika ku Iponga dzuwa litapendeka. A Yunike anali kuseri kwa khitchini akusenda nthochi zaziwisi zophikira mbalagha, chakudya cha nthochi ndi nyama. Lughano anakhala pansi moyang'anizana nawo, ndipo anayankhula m'Chinkhonde monga mwa masiku onse.

"Amayi, maulendo atatu aja, munkawauza chiyani?"

Mpeni sunaime. "Ndinkawauza zoyenera kuuzidwa."

"Munkati makina ali bwino."

"Nanga ndikanati chiyani? Munthu watapa penshoni yake kukugulira chinthu, ine ndipite ndikanene kuti mkamwana akuti mwagula chowola? Ndi magazi awo othamanga aja? Ukufuna undiphere mwamuna? Ine ndinati chikafika kwa wokonza, wokonza aona yekha. Kodi sing'anga amadikira kuti umuuze matenda?"

"Lolemba andichotsa ntchito, Amayi."

Apo mpeni unaima. "Mpunga ulipo m'nyumba. Simungafe ndi njala."

"Mpunga wa chaka chino sufika mwezi wa Novembala, mukudziwa inunso. Chonde, mukawauze zonse, mmene ndinkanenera."

"Ndikawauza kuti akufunidwa pa Boma kukasaina pepala. Zinazo ayi. Zikadziwika tsopano, wabodza ndikhala ine."

"Ndipo akuti tikalowe m'chipinda chimodzi."

"Iwe!" A Yunike anaponya nthochi m'beseni, madzi n'kuthovukira pansi. "Ine ndinakhala ndi apongozi anga zaka makumi awiri, anamwalira ndisanaone mphuno yawo. Mudzi ukamva udzati chiyani?"

"Mudzi sunandipatsepo ntchito."

Lughano anayesa kuimbira Ambokile kanayi. Foni inali yozima.

Lachisanu iye ndi aHedi anakwera maminibasi osiyana. Lughano anayamba kufika, ndipo anabisala kuseri kwa ofesi mpaka anamva kukhosomola kuja pakhonde. Anadikira kuti alowe. Kenaka anafunda chitenje kumutu, n'kusiya kampata koonera pansi, ndipo analowa chammbali ngati nkhanu.

Chipindacho chinali ndi tebulo limodzi, kabati ya mafailo ndi mipando itatu ya alendo. Golden anali atadzitayira pampando umodzi, miyendo ili tambalale. Pampando wina Lughano anaona nsapato zakuda ndi m'mphepete mwa jekete. AHedi anali atavala jekete ndi tayi m'kutentha konse kuja. Lughano anaika laputopu patebulo, anapita pakona, n'kuyang'ana kabati.

Nsapato zija zinasuntha. Mpando unakwekwereza pansi.

"Pepani mayi, pali cholakwika," anatero aHedi m'Chichewa chawo cha kusukulu. "Ine anandiuza kuti ndikudzasaina. Ndidikira panja."

"Khalani pansi, bambo," anatero a Esnart. "Nkhaniyi ikufuna nonse."

AHedi anaima kanthawi. Munthu amene wagwira ntchito ya boma moyo wake wonse sakana mawu a muofesi. Anatembenuza mpando wawo kuti uyang'ane pazenera, n'kukhala. Golden anaseka chamumtima, mapewa akugwedezeka.

A Esnart anawerenga lisiti mokweza, kenaka anafunsa. "Bambo Mwangolera, laputopu iyi munabwerera nayo kwa a Golden kangati?"

"Katatu."

"Munakadandaula kuti ili ndi vuto?"

"Ayi. Inkagwira ntchito bwino. Ndi mmene ndinauzidwira. Ndinkangopita nayo kuti akaipukute."

Golden anatambasula manja. "Mwamva nokha, madamu. Ine ndatseka shopu chifukwa cha zimenezi?"

A Esnart anapuma mozama. Lughano anamva kachivindikiro ka cholembera kakuti kha.

"Mayi, pepani. Ngati wogula akuti sanadandaulepo, ndipo galanti inatha, ine ndilibe pogwira."

Failo inatsekedwa. M'chitenje muja munali motentha ngati mu uvuni, ndipo Lughano anaona Yvonne atakhala patebulo lake, akutsegula laputopu ya mukatoni, a Kenan akumuonetsa poika chaja. Anaona iye mwini ali m'munda wa mpunga wa eni ake, madzi m'mawondo, akudikira foni ya ku Joni.

"Mayi," anatero Lughano, "chonde auzeni kuti..."

Anadukiza yekha. Auzeni. Miyezi khumi yathunthu ya auzeni ndiyo inamufikitsa pakona imeneyi. Anagwira chitenje n'kuchitsitsira m'mapewa. Anatembenuka, anayenda masitepe awiri, n'kugwada pasimenti pambali pa mpando wa apongozi ake. Anaona khosi lowonda, khutu, ndi imvi zometedwa bwino. Anali aang'ono kuposa mmene ankawaganizira.

M'Chinkhonde pakamwa pakanakana. Anayankhula m'Chichewa, chiyankhulo cha muofesi, ngati kuti mawuwo si akumudzi ndiye sawerengedwa.

"Bambo, laputopu ija sinagwirepo ntchito bwino chiyambire pamene inakwanitsa miyezi inayi. Imazima yokha ili pamagetsi. Imatentha kumanzere mpaka kuotcha dzanja. Imanunkha zopsa. Ndinatuma mawu katatu, mawuwo sanafike. Tsopano yaferatu, ndipo Lolemba andichotsa ntchito. Ndalakwa, Bambo, ndikudziwa kuti ndalakwa. Koma ndilibe kwina kolowera."

Panja wina ankakhoma malata. AHedi sanatembenuke, anangogwira chipewa chimene chinali pamawondo awo. Lughano anaganiza za magazi othamanga aja.

"Mayi," anatero aHedi, akuyang'anabe pazenera, "tsegulani failo. Lembani."

A Esnart anatsegula.

"Ulendo woyamba, mnyamata uyu anamasula makinawa ine ndikuona. Ananunkhiza, kenaka anaitana mnzake wa shopu yoyandikana nayo, n'kumuuza m'Chiswahili kuti iyi yapsa mkati, Khirisimasi sifika. Ankayesa mdala wa tayi samva Chiswahili. Ine ndinaphunzitsa zaka zisanu ndi chimodzi pafupi ndi boda, theka la kalasi langa linali la kutsidya. Ulendo wachiwiri anatenthetsa kachitsulo n'kumatirira waya ndi mtovu. Ulendo wachitatu anamata kalabala ka tayala la njinga. Nthawi zonse ndinkafunsa, iye n'kumati ndi zazing'ono, madala, musadandaule."

"Madala, musandinamizire!" anatero Golden, atawongoka pampando.

"Usandidule mawu. Bambo ako ndikanatha kuwaphunzitsa."

"Nanga bwanji simunanene nthawi yonseyi?" anafunsa a Esnart.

AHedi anakhosomola. "Uthenga wa kunyumba unkati makina ali bwino, mkamwana akuthokoza. Ndinati ndikanena kuti ndinagula chakupsa, ndidzichotsa ulemu pamaso pake. Ndinati mwina chilimba. Ndinakhala chete, n'kumanyamula nthochi. Mphunzitsi wamkulu wathunthu."

"Awa ndi mawu chabe," anatero Golden. "Mawu a munthu wokalamba."

A Esnart anatsegula dirowa n'kutulutsa sikuludiraiva yaing'ono imene ankamangira magalasi awo. "Ndiye tione. Masulani, a Golden. Inu ndi amene mumadziwa."

Golden anazengereza, koma maso asanu anali pa iye, poti aHedi anali atacheukirako ndi diso limodzi. Anamasula. Chivindikiro chitachoka, fungo lija linadzaza chipinda. Kumanzere kunali chibanga chakuda ngati pamene pagwera khala, waya wofiira womatidwa ndi mtovu, ndi kalabala kosungunuka theka.

"Fumbi amapukuta ndi mtovu masiku ano?" anafunsa a Esnart.

Golden anayang'ana kudenga.

"Vuto munalidziwa galanti isanathe, ndipo munalibisa kuti chaka chidutse. Njira zilipo ziwiri. Muwapatse makina ena ogwira ntchito, tithere pompano. Kapena ndilembe lipoti lipite kumalikulu pamodzi ndi zithunzi za waya wanuyu, mukafotokozere kumeneko. Sankhani, ndili ndi anthu ena panja."

"Chabwino, chabwino. Ndiwapatsa ina. Katundu wanga akuchokera ku Dar, afika pakatha milungu iwiri."

"Lolemba," anatero Lughano. Anali chigwadire, mawondo atachita dzanzi.

"Sisi, m'shopu mulibe ina. Ndiibereke?"

"Ilipo ya pakauntala ija, imene mumaikira anthu nyimbo."

"Imeneyo ndi yanga! Ndimadyera pomwepo!"

"Nayenso amadyera pomwepo," anatero aHedi.

A Esnart analemba. Golden abwereke Lughano laputopu yake ya pakauntala lero lomwe, mpaka ya ku Dar ifike. Ikafika, lisiti likhale m'dzina la Lughano Mwakanema, galanti ilembedwe, ndipo ikadzapita kokonzedwa, vuto lizilembedwa papepala, wokonza n'kusaina. Lughano anafunsa za masiku amene sanagwire ntchito. A Esnart anapukusa mutu.

"Zimenezo ndi za kukhoti, mayi, ndipo khoti si la Lolemba lino. Tengani chimene mwapeza."

Onse atatu anasaina. AHedi anasaina pomalizira, anavala chipewa, anathokoza a Esnart, n'kutuluka osanena kanthu kwa mkamwana wawo. Pamene Lughano ankadzuka, akugwira tebulo chifukwa cha dzanzi, iwo anali atafika kale pamsewu.

Kushopu zinthu sizinayende mwachangu. Golden anasamutsa nyimbo zake akutukwana chapansipansi, kenaka anamukankhira laputopuyo. Inali yakale nayonso, yomatidwa zithunzi za osewera mpira pachivindikiro, batani limodzi litaguluka. Lughano anaiyatsa, anaizula pamagetsi, anaibwezera, anatsegula mafomu a kuntchito, n'kukhala nayo pabenchi ola lathunthu makasitomala akumudutsa.

"Mukufuna mugone pompano?" anafunsa Golden.

"Ndikafuna ndigona."

Ku Iponga nkhani inamutsogolera. Wina wa kumudziko anali pakhonde la ofesi ija kudikira chiphaso cha malonda, ndipo zenera linali lotsegula. A Yunike sanayankhe moni wake madzulo amenewo, ngakhale Loweruka. Lamlungu kutchalitchi amayi a pabenchi lake anasendera pang'ono, ngati wabwera ndi chimfine. AHedi sanatuluke m'nyumba masiku awiriwo. Kaya anakwiya, kaya ankachita manyazi, kaya magazi anakwera, Lughano sanadziwe, ndipo womufunsira panalibenso. Ambokile anaimba Lamlungu masana, atamva kale kwa mlongo wake, ndipo anakalipa mpaka mayunitsi anamuthera.

Lolemba anafika pa boda nthawi isanakwane. Anapeza Yvonne atakhala kale pasitepe ya kontena, chikwama chatsopano chili pamiyendo. Anapatsana moni mwaulemu, aliyense akuyang'ana chikwama cha mnzake. Mlonda atatsegula, Lughano analowa, anakhala patebulo lake, analumikiza chaja n'kudina batani. Kwa kanthawi galasi linakhala lakuda. Kenaka linawala.

A Kenan analowa seveni koloko itangokwana. Anayang'ana galasi, anayang'ana osewera mpira aja, anayang'ana Lughano.

"Ya ndani imeneyi?"

"Ikuyaka, bwana."

A Kenan anaponya mulu wa mapepala patebulo. "Malole atatu a feteleza. Ndiwafuna teni isanakwane." Anasuzumira panja. "Yvonne, uzifunsabe."

Lughano anakoka pepala loyamba. Nambala ya lole anailemba kawiri asanaikhoze.